GOLIDE, SILIVA NDI MALONDA A PAKATI PA MAIKO: PHUNZIRO KWA MSILAMU

Chidule cha khutuba ya Lachisanu

KHUTUBA YOYAMBA

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah (S.W.T), Mwini chuma cha pamtunda ndi cha m'nyanja, amene amadyetsa zolengedwa zake usana ndi usiku. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad (S.A.W) ndi Mtumiki wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, akubanja kwake, Maswahaba ake ndi onse owatsata mpaka Tsiku la Chiweruzo.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, tiyeni tiope Allah mseri ndi poyera, mumzikiti ndi pamsika pomwe.

Khutuba ya lero ikukhudza ndalama ndi malonda a pakati pa maiko. Mwina wina angafunse kuti nkhani yotere yafika bwanji mumzikiti. Yankho lake ndi lakuti msodzi wogula injini ya boti ndi petulo, mayi wogula chitenje, ndi mlimi wodikira feteleza, onsewa ali kale m'malonda a pakati pa maiko ngakhale sadadumphepo malire. Pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe khomo limene silidamve kuwawa kwake. Choncho nkoyenera kuti Msilamu adziwe maganizo amene maiko akhala akuyendera pa nkhani ya ndalama, ndipo awayeze ndi muyeso wa chipembedzo chake. Lero tiona chimodzi mwa ziphunzitso zimenezi, chimene chidalamulira ku Ulaya kwa zaka pafupifupi mazana atatu.

Chiphunzitso cha okundika golide

Kuyambira m'zaka za m'ma 1500 mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, mafumu a ku Ulaya ndi alangizi awo ankatsata maganizo amene pambuyo pake adadzatchedwa mercantilism. Olemba maganizowa ambiri adali anthu amalonda ndi nduna za mafumu. Ngakhale ankasiyana pa zina, ankagwirizana pa mfundo zitatu. Yoyamba, mphamvu ya dziko imaoneka ndi kuchuluka kwa golide ndi siliva amene ali m'dzikomo. Yachiwiri, dziko lopanda migodi lingapeze golide ndi siliva pogulitsa zambiri kunja ndi kugulako zochepa, kuti ndalama yotsalayo ilowe m'dziko. Yachitatu, chuma cha padziko lapansi chili ngati nkhokwe imodzi yosaonjezereka, kotero kuti dziko lina likatapa zambiri ndiye kuti lina latapa zochepa.

Chisilamu chimatilamula chilungamo ngakhale kwa amene tikutsutsana nawo, choncho tinene kuti anthuwa adali ndi zifukwa zawo. Masiku amenewo nkhondo sizinkatha ku Ulaya, ndipo asilikali aganyu ankafuna malipiro a ndalama yachitsulo. Mfumu yosowa siliva inkathawidwa ndi asilikali ake. Komanso ndalama ikasowa m'misika, malonda ankaima ndipo amisiri ankakhala manja lende. Mantha amenewa ndi amene adabala chiphunzitsochi.

Poyamba maboma ankangoletsa kutulutsa golide ndi siliva m'dziko. Kenaka kudabwera Thomas Mun wa ku England, amene adakhala ndi moyo kuchokera mu 1571 mpaka 1641. Iye adali mmodzi wa akuluakulu a East India Company, kampani imene idakhazikitsidwa mu 1600. Anthu ankaidzudzula kampaniyi chifukwa inkanyamula siliva kupita naye ku India kukagula tsabola ndi nsalu. Mun adayankha kuti siliva wotulukayo ali ngati mbewu yofesedwa m'munda: katundu wa ku India akagulitsidwanso kumaiko ena a ku Ulaya, amabweza siliva woposa amene adatuluka. Malinga ndi iye, chofunika nkuwerengera malonda onse a dziko pa chaka, kuti zogulitsa kunja zipose zogula. Buku lake lotchedwa England's Treasure by Forraign Trade lidasindikizidwa mu 1664, mwini wake atamwalira kale.

Ku France kudali Jean-Baptiste Colbert, nduna ya zachuma ya mfumu Louis XIV, amene adamwalira mu 1683. Iye ankakhulupirira kuti ndalama yozungulira ku Ulaya siisintha kwenikweni kuchuluka kwake, choncho France siingalemere popanda kulanda gawo la anansi ake. Adakweza misonkho ya katundu wakunja mu 1664 ndi mu 1667, adathandiza mafakitale a nsalu ndi magalasi, ndipo adamangitsa zombo zambiri. Nako ku England kudakhazikitsidwa lamulo mu 1651 lakuti katundu wochokera ku Asia, Africa ndi America azilowa m'dzikomo pa zombo za Angerezi zokha. Cholinga chidali kuphwanya amalonda a ku Holland, ndipo chaka chotsatira, mu 1652, maiko awiriwa adayambana nkhondo ya panyanja. Mu 1700 ndi mu 1721 England idaikanso malamulo oletsa nsalu zamaluwamaluwa za thonje za ku India, pofuna kuteteza oluka nsalu a kwawo.

Zimene zidaonekera Spain

Abale anga olemekezeka, ngati golide ndi siliva ndiye chuma, palibe dziko likadaposa Spain. Mu 1545 kudapezeka phiri la siliva ku Potosí, m'dziko limene lero ndi Bolivia. Kuyambira m'zaka za m'ma 1570 eni nthaka a kumeneko ankakakamizidwa kulowa m'migodi mosinthana, ndipo ambiri adafera komweko. Gawo limodzi mwa magawo asanu a siliva yense lidali la mfumu. Zombo zinkafika ku Seville zitadzaza.

Nanga zotsatira zake zidali zotani? Ndalama itachuluka pamene tirigu, nsalu ndi nsapato sizidachuluke, mitengo ya zinthu idakwera. Wophunzira wina wa ku Spain komweko, Martín de Azpilcueta, adalemba mu 1556 kuti ndalama imachepa mphamvu kumene yachuluka. Katundu wopangidwa ku Spain adayamba kudula kuposa wa maiko ena, ndipo anthu ake adazolowera kugula zakunja. Siliva ankangodutsa m'manja mwawo kupita kwa okongoza ndalama a ku Genoa, kwa amalonda a kumpoto kwa Ulaya, mpaka ku China. Mafumu a Spain adawononga chumacho pa nkhondo, ndipo adalephera kubweza ngongole zawo mu 1557, mu 1575, mu 1596 ndi mu 1607. Mwini phiri la siliva adasanduka wothawa angongole. Akuluakulu adanena kale kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Amene adalipira mtengo wake

Munthu akakhulupirira kuti phindu lake liyenera kukhala kuluza kwa mnzake, amaleka kuona mnzakeyo ngati munthu. M'maganizo a okundika golide, dziko lolamulidwa ndi atsamunda lidali ndi ntchito ziwiri: kupereka shuga, thonje ndi fodya motchipa, ndi kugula katundu wopangidwa ku Ulaya. Minda ya shuga inkafuna antchito osalipidwa, ndipo anthu a mu Africa oposa 12 miliyoni adakwezedwa m'zombo kuwoloka nyanja ya Atlantic ngati akapolo.

Nkhaniyi idafika kufupi ndi kwathu. Kale Apwitikizi asadabwere, amalonda a Chisilamu a ku Kilwa ankagula golide wochokera kumapiri a dziko limene lero ndi Zimbabwe kudzera pa doko la Sofala. Mu 1505 Apwitikizi adalanda Kilwa ndi kumanga linga ku Sofala, pofuna kuti golide yense azidutsa m'manja mwa mfumu yawo. Adalamulanso kuti zombo za pa nyanja ya India ziziyenda ndi chiphaso chawo, apo ayi zilandidwe. Koma golide amene adampeza adali wochepa kuposa amene ankayembekezera, chifukwa amalonda adapatukira ku Angoche ndi kumtsinje wa Zambezi. Apwitikizi adawatsatira mpaka ku Sena ndi ku Tete, ndipo kumayambiriro a zaka za m'ma 1570 gulu lankhondo la Francisco Barreto lidapha amalonda a Chisilamu ku Sena.

M'zaka za m'ma 1700 minda ya Afalansa pa zilumba za Mauritius ndi Réunion inkafuna akapolo. Mu 1776 wamalonda wa Chifalansa, Morice, adapangana ndi Sultani wa ku Kilwa kuti azimpatsa akapolo 1,000 pa chaka. Njira zopita ku Kilwa zinkachokera kumadera ozungulira nyanja yathu ino, ndipo m'zaka za m'ma 1800 madoko ngati Nkhotakota adatchuka ndi malonda a minyanga ya njovu ndi anthu. Mbiri siibisa kuti ena mwa ogulitsa anthuwo adali ndi maina a Chisilamu. Umbombo susankha mtundu kapena chipembedzo. Ukalowa mumtima, munthu amasinthanitsa mwana wa Adam ndi nsalu, mikanda ndi mfuti.

Kugwa kwa chiphunzitsochi

Mu 1752 David Hume wa ku Scotland adaonetsa kuti cholinga cha okundika golide sichingatheke nkomwe. Adafotokoza kuti golide akachuluka m'dziko mitengo imakwera, alendo amaleka kudzagula, eni dziko amayamba kugula kunja kumene zinthu zatchipa, ndipo golide uja amatulukanso. Akachepa, mitengo imatsika, alendo amabwera kudzagula, ndipo golide amabwerera. Adafanizira ndalama ndi madzi, amene sungawaunjike mbali imodzi ya dziwe. Mu 1776 mnzake Adam Smith adatulutsa buku lotchedwa The Wealth of Nations, m'mene adaphunzitsa kuti chuma cha dziko ndi zinthu zimene anthu ake amapanga ndi kugwiritsa ntchito chaka ndi chaka, ndi kuti malonda ochitika mwaufulu amapindulira mbali zonse ziwiri. Adaonetsanso kuti malamulo a okundika golide ankalemeretsa amalonda ochepa oyandikana ndi boma, pamene wogula wamba ankalipira mitengo yokwera.

Izi sizitanthauza kuti zonse zimene ankanena zidali zopanda pake. Adalondola poona kuti dziko logulitsa zinthu zosakonza, nkumagula zokonzedwa kale, limakhala lopemphetsa. Adalondolanso polimbikitsa luso la manja ndi mafakitale. Pamene adasokera mpakuti adasandutsa ndalama kukhala cholinga, nasandutsa mnansi kukhala mdani.

Zimene ma Ulama athu adaona kale

Abale ndi alongo anga, zaka mazana ambiri Hume ndi Smith asadabadwe, ophunzira a Chisilamu adali atafotokoza kale udindo wa ndalama. Imam al-Ghazali, amene adamwalira mu 1111, adaphunzitsa m'buku lake la Ihya Ulum al-Din kuti dinari ndi dirhamu pazokha sizidyedwa kapena kuvalidwa. Allah adaziika kuti zikhale ngati woweruza pakati pa katundu wosiyana. Tiyerekeze ndi kwathu kuno: mwini usipa akufuna mbuzi, koma mwini mbuzi sakufuna usipa, akufuna malata. Ndalama ndi imene imawalumikiza ndi kuwauza mtengo wa chilichonse. Choncho, malinga ndi Imamuyu, wobisa ndalama ali ngati munthu amene watsekera woweruza m'ndende, anthu nkusowa wowaweruza.

Ibn Khaldun, wobadwira ku Tunis mu 1332 ndi kumwalira ku Cairo mu 1406, adalemba Muqaddimah mu 1377. Iye adatsutsa maganizo akuti maiko olemera amalemera chifukwa cha migodi ya golide. Adakumbutsa kuti golide wa nthawi yake ankachokera kumaiko a anthu akuda a kumwera kwa chipululu cha Sahara, komabe mizinda yolemera kwambiri idali kwina, kumene kudali anthu ambiri ogwira ntchito ndi amisiri a maluso osiyanasiyana. Phindu, malinga ndi iye, limachokera ku ntchito ya munthu. Adachenjezanso kuti mfumu ikalowa yokha m'malonda imapondereza amalonda wamba, ndipo mapeto ake msonkho wa boma umachepa.

Maganizo amenewa adawatunga m'Qur'an yolemekezeka ndi mu Sunnah. Surah At-Tawbah, ndime 34 ndi 35, ikuchenjeza za chilango chowawa kwa okundika golide ndi siliva osapereka gawo la Allah. Surah Al-Hashr, ndime 7, ikuphunzitsa kuti chuma chisamangozungulira pakati pa olemera okha. Surah An-Nisa, ndime 29, ikuloleza malonda ochitika mogwirizana ndi kuletsa kudyerana chuma mwachinyengo. Surah Al-Qasas ikusimba za Qarun, amene nkhokwe zake sizidampulumutse pamene nthaka idammeza.

Chisilamu sichiopa malonda ndi alendo. Ma Quraish ankayenda ulendo wa ku Yemen ndi wa ku Sham chaka chilichonse, ndipo Mtumiki (S.A.W) mwini wake adayendetsapo malonda a mayi Khadija (R.A) mpaka ku Sham. Khalifa Umar bin Khattab (R.A) ankalandira msonkho kwa amalonda akunja molingana ndi mmene maiko awo ankalipiritsira Asilamu. Koma Imam Malik adalemba kuti pa tirigu ndi mafuta obwera ku Madina, Umar adatsitsa msonkhowo ndi theka kuti chakudya chizibwera chambiri. Okundika golide ankatseka chipata kuti ndalama isatuluke. Umar adachitsekula kuti anthu asagone ndi njala.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah, cha ine ndi cha inu nonse. Mpempheni chikhululuko, ndithudi Iye amakhululuka.

KHUTUBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake.

Asilamu anzanga, palibe mwa ife amene ali mfumu ya Spain kapena nduna ya France, koma matenda amene adawagwira amakwana mumtima wa munthu wa hokala imodzi. Tiyeni tidziyese pa zinthu izi.

Choyamba ndi Zakaat. Amene ndalama zake kapena katundu wake wamalonda wafika pa nisab, imene ndi mtengo wa magalamu pafupifupi 85 a golide kapena 595 a siliva, ndipo chaka cha mwezi chatha, apereke 2.5 peresenti. Lamulo limeneli lili ndi nzeru yakuya. Ndalama yogona pansi pa mphasa imachepa chaka ndi chaka, choncho mwini wake amakakamizika kuiika pa ntchito, ndipo gawo lake limafika kwa wamasiye ndi wosauka. Makolo athu adati kupatsa nkuika.

Chachiwiri ndi kubisa chakudya. Mtumiki (S.A.W) adamutcha wochimwa munthu wobisa katundu wofunika kuti mtengo ukwere, monga mmene zilili mu Sahih Muslim. Kusunga chimanga cha banja lako nkololedwa. Koma kutsekera matumba m'nyumba pamene mudzi uli pa njala, nkumadikira February kuti udzakolole misozi ya anthu, kumeneko ndi kuganiza kwa Colbert: kulemera kwanga ndi kuluza kwa mnansi wanga.

Chachitatu ndi muyeso ndi mtengo. Surah Al-Mutaffifin ikudzudzula amene amafuna muyeso wodzaza akamagula koma amachepetsa akamagulitsa. Ndowa yogulira usipa padoko ikhale yofanana ndi yogulitsira kumsika. Sikelo yogulira mpunga ndi nandolo isakhale yokonzedwa mwachinyengo. Mtumiki (S.A.W) adaletsanso kuchingamira amalonda panjira asadafike pamsika ndi kudziwa mtengo wake. Amene amanamiza msodzi wotopa ndi usiku wonse kuti nsomba zagwa mtengo m'tauni, pamene akudziwa kuti zakwera, aganizire bwino za hadith imeneyi.

Chachinayi ndi kusintha ndalama. Mabanja ambiri kuno ali ndi ana ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town amene amatumiza ma randi. Ena timachita malonda ndi abale athu a ku Mozambique ndi ku Tanzania. Sunnah ikutiphunzitsa kuti golide ndi siliva zikamasinthidwa, kupereka ndi kulandira kuchitike pa nthawi yomweyo, ndipo ma Ulama adaika ndalama za mapepala pa lamulo lomwelo. Mtengo wosinthira unenedwe poyera. Amene wapatsidwa ndalama kuti akafikitse kwa makolo a mnzake wasenza amana, ndipo asadyepo pobisa mtengo weniweni. Titsatenso malamulo a dziko pa nkhani ya ndalama zakunja, ndipo titalikirane ndi riba, imene kuno timaidziwa ndi dzina la katapira.

Chachisanu ndi nyanja. Chuma chenicheni cha dera lathu ndi madzi awa, nthaka, ndi manja a anthu. Amene amakokola tiana ta nsomba ndi neti ya udzudzu, kapena kuponya khoka m'nyengo imene nyanja yatsekedwa kuti chambo chiswane, amabwera kunyumba ndi ndalama m'thumba, koma wagulitsa chakudya cha zidzukulu zake. Akuchita zimene Spain idachita ku Potosí. Tsiku limene nsomba zidzathe, ndalama ija siidzaphikidwa mumphika.

Chachisanu ndi chimodzi ndi ntchito ndi maphunziro. Ngati phindu limachokera ku ntchito ya munthu, monga adanenera Ibn Khaldun, ndiye kuti mwana amene wasiyitsidwa sukulu kuti azikapalasa bwato, kapena mtsikana amene wakwatiwitsidwa asadakhwime, ndi chuma chimene tachitaya ndi manja athu. Ana athu apite ku madrasa ndi kusukulu komwe. Aphunzire ukalipentala, utelala, kukonza injini, kusunga nsomba kuti zisawole, ndi kuwerengera malonda. Dziko limasowa ndalama zakunja pamene lili ndi zochepa zoti ligulitse, ndipo mankhwala ake ndi kuchulukitsa zimene manja athu amapanga.

Abale ndi alongo anga, hadith ya kwa Imam Tirmidhi ikutidziwitsa kuti pa Tsiku la Chiweruzo munthu adzafunsidwa mafunso awiri pa chuma chake: kumene adachipeza ndi kumene adachigwiritsa ntchito. Kuchuluka kwa zimene adaunjika sikudzamthandiza pa tsikulo. Tiyeni tichite malonda oti wogula ndi wogulitsa onse abwerere kwawo akuyamika Allah.

O Allah, tipatseni rizki la halal ndipo mutidalitsire m'menemo. Titalikitseni ku umbombo, ku riba ndi ku chinyengo cha pamuyeso. Tetezani asodzi athu panyanja, alimi athu m'minda ndi ana athu amene ali kumaiko a eni. Apatseni atsogoleri athu nzeru ndi chilungamo posamalira chuma cha dziko. Akhululukireni makolo athu amene adatsogola, ndipo mutisonkhanitse nawo ku Jannah. Ameen.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chifundo.